Mwana wanga akaphonya mpira amayang'ana ine: makolo ndi kulimbana kwa akatswiri a tenisi

Bambo a Tadala, Mufakose

Moni nonse a pagulu lino, akuluakulu ndi achinyamata. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira Loweruka, ndipo ndikupempha kuti mundithandize maganizo mosapita m'mbali. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 11, wakhala akusewera tenisi kwa zaka zitatu, ndipo amene ndimamuperekeza kumipikisano, kumugulira mipira ndi kumuponyera mipirayo madzulo ndikaweruka kuntchito ndine ndemwe. Pali mtsikana wina wa msinkhu wake amene akhala akugonjetsana naye mosinthanasinthana chaka chonse chino, ndipo Loweruka lapitali wanga ndi amene anagonja.

Chimene chandipweteka si kugonjako ayi. Nthawi iliyonse mpira ukakodwa mu ukonde, mwanayo sankayang'ana raketi yake kapena mnzake wosewera nayeyo, koma ankatembenuka n'kuyang'ana ine kuseri kwa waya. M'kombi pobwerera sitinalankhulane kuchokera m'tauni mpaka kwathu, ndipo titafika pakhomo anandifunsa chapansipansi kuti, "Ababa, mwakwiya?" Ndinamuyankha kuti ayi, koma nkhope yanga inali itayankha kale.

Ndimadzitonthoza ndi nkhani ya Andre Agassi. Bambo ake, omwe anali ankhonya ndipo anaimirapo dziko la Iran pa masewera a Olimpiki, ankamuimika kutsogolo kwa makina olavula mipira ku Las Vegas kuti azimenya mipira 2,500 patsiku, ndipo mwanayo anadzatenga zikho zokwana 8 za Grand Slam, mipikisano inayi ikuluikulu ya tenisi (Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open). Kodi katswiri angapangike popanda kholo louma mtima chotero? Kapena ndikumuwononga mwana wanga ndi manja anga omwe?

Achimwene a ku Mbare

Bambo a Tadala, musadziimbe mlandu msanga. Mtengo amauongola uli waung'ono, ndipo tenisi si masewera oti mwana angawayambe atakula n'kufika nawo patali. Taonani Richard Williams. Ana ake anawaphunzitsira pa mabwalo ong'aluka a ku Compton, dera la anthu osauka, pamene ambiri ankamuona ngati wozerezeka, koma Serena anatenga zikho za Grand Slam 23 ndipo Venus anatenga 7. Bambo ake a Novak Djokovic ananena okha kuti ankakongola ndalama za katapila, zomwe kuno timati chimbadzo, kuti mwana wawo apite kumipikisano ya kunja, ndipo lero mwanayo ali ndi zikho 24. Kholo lomwe lathira thukuta ndi ndalama zotere lili ndi ufulu wokwiya mwana akamasewera motayirira. Ife amene tinabadwa kwa makolo obwera m'dziko muno kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi tikudziwa kuti palibe chomwe chinabwera pa mbale ya mofewa, ndiye ana athu tiwalere bwanji ngati mazira?

Mayi a Chikondi, Dzivarasekwa

Achimwene, ndikukulemekezani, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Agassi yemwe Bambo a Tadala amutchulayo anawulula yekha m'buku la moyo wake mu 2009 kuti tenisi ankadana nayo kuyambira ali mwana, ngakhale inamulemeretsa. Komanso mwatchula okhawo amene anapulumuka, mwaiwala amene anathyokera panjira.

Ndikupempha kuti tonse tiganizire za Jelena Dokic. Mu 1999, ali ndi zaka 16, anagonjetsa Martina Hingis, yemwe anali nambala wani padziko lonse, pa 6-2, 6-0 m'ndime yoyamba ya Wimbledon, ndipo mu 2002 anafika pa nambala 4. Anthu ankaombera m'manja osadziwa kuti bambo ake, Damir, ankamukwapula ndi lamba mpaka thupi kuchita mikwingwirima. Chomwe chimandiliza kwambiri ndi cha mu 2000. Mtsikanayo anafika mu semifainolo ya Wimbledon ali ndi zaka 17, anagonja kwa Lindsay Davenport, ndipo bambo ake anamuuza kuti asabwerere kuhotela chifukwa wawachititsa manyazi. Mwana amene anali m'gulu la akazi anayi otsala pa mpikisano waukulu chotere anasowa kogona, mpaka anayesa kugona m'chipinda chopumiramo osewera pa bwalo lomwelo. Zimenezi anazifotokoza yekha mu 2017. Ine monga mayi ndimadzifunsa kuti, ngati mwana wagonja pabwalo kenako kunyumba n'kukanidwanso, ndiye athawire kuti?

Mary Pierce nayenso anafika pokapempha khoti kuti liletse bambo ake, Jim, kumuyandikira, ndipo mu 1993 akuluakulu oyendetsa tenisi ya amayi anawaletsa bambowo kufika kumipikisano. Chikho chake choyamba cha Grand Slam, cha Australian Open mu 1995, anachitenga bambowo ali kutali.

Achimwene a ku Mbare

Mayi a Chikondi, kumenya mwana sindinakuvomereze ndipo sindingakuvomereze. Ine ndikunena za kulimbikira ndi mwambo. Rafael Nadal amalume ake, a Toni, ankamutoletsa mipira ndi kumusesetsa bwalo anzake atapita kwawo, ankamudzudzula ngakhale wapambana, koma munthu ameneyu anatenga chikho cha Roland Garros, chomwe ndi French Open, ka 14 ndipo sitinamuonepo akuphwanya raketi chifukwa cha mkwiyo.

Agogo a ku Mabvuku

Mwana wanga wa ku Mbare, ndikonze kaye mawu amodzi chifukwa ali ndi phunziro m'kati mwake. Toni si malume wa Rafael monga momwe ife timatchulira, ndi m'bale wa bambo ake, amene kwathu tikanamuitana kuti bambo ndithu. Koma mfundo yagona pakuti Toni sanali bambo womubereka, ndipo sankagona nyumba imodzi ndi mwanayo ngati kholo. Rafael akadzudzulidwa pabwalo ankabwerera kwa bambo ndi mayi ake omwe sanali aphunzitsi ake a tenisi. Makolo athu Achichewa ankaidziwa nzeru imeneyi, n'chifukwa chake nkhani zolemera za mwana ankazitula kwa amalume, eni mbumba, ndipo chilangizo cha kuchinamwali ankachisiyira anamkungwi. Wolanga anali wina, wotonthoza anali wina. Inu Bambo a Tadala mwasenza maudindo onse nokha: ndinu mphunzitsi, ndinu wolipira, ndinu woperekeza, ndinunso bambo. Mwana akakuyang'anani kuseri kwa waya sakudziwa kuti mwa anthu anayiwa akumuyang'ana ndi uti.

Ndiloleni ndikumbutseko za kuno kwathu, poti ndinaziona ndi maso anga. Mu Febuluwale 2000 dziko la America linabwera ku Harare kudzasewera Davis Cup, mpikisano wa matimu a mayiko, ku City Sports Centre, John McEnroe ali mtsogoleri wa timu, Agassi atangochoka kotenga chikho cha Australian Open. Ndinalowa tsiku lachiwiri, la osewera awiriawiri, ndipo sindidzaiwala kulira kwa ng'oma m'nyumba muja pamene Wayne Black ndi Kevin Ullyett anapambana n'kuika Zimbabwe patsogolo 2-1. Pansi pankanjenjemera, ndipo munthu yemwe ndinakhala naye pafupi, amene sindinkamudziwa n'komwe, anandikumbatira ngati m'bale wake. Tsiku lomaliza Agassi anagonjetsa Byron Black, mkulu wake wa Wayne, Chris Woodruff anagonjetsa Wayne, ndipo tinagonja 3-2, koma palibe anatuluka ataweramitsa mutu. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 1998, anyamata omwewa anali atagwetsa Australia kwawo komwe, ku Mildura.

Ana atatu a banja limenelo, Byron, Wayne ndi Cara, anaphunzitsidwa ndi bambo awo, Don Black, amene anaseweranso ku Wimbledon m'zaka za m'ma 1950 ndipo anakonza mabwalo a udzu pakhomo pawo muno mu Harare. Byron anatenga French Open ya awiriawiri mu 1994, Wayne ndi Ullyett anatenga US Open mu 2001 ndi Australian Open mu 2005, Cara anafika pa nambala wani padziko lonse m'masewera a awiriawiri, ndipo iye ndi mlongo wake Wayne anatengera limodzi French Open mu 2002 ndi Wimbledon mu 2004. Choncho sindikunena kuti kholo lisaphunzitse mwana wake. Koma onani kuti m'banja limenelo mwana aliyense anali ndi anzake olimbana nawo pabwalo tsiku ndi tsiku, abale ake enieni. Womukankha kuti akwere sanali bambo yekha ayi.

Aphunzitsi a tenisi, Highfield

Agogo agunda pomwe ine ndimafuna kufika. Ndaphunzitsa ana kwa zaka zambiri, ndipo chimene ndaona n'chakuti palibe kholo kapena mphunzitsi amene angamukweze mwana monga amachitira mnzake wolimbana naye wa mphamvu zofanana. Bambo a Tadala, mtsikana amene wagonjetsa mwana wanu Loweruka uja ndi chuma chanu, musamuone ngati tsoka.

Chris Evert ndi Martina Navratilova anakumana ka 80 kuyambira 1973 mpaka 1988, ndipo ka 60 mwa maulendo amenewa munali mu fainolo. Navratilova anapambana ka 43, Evert ka 37, ndipo aliyense anamaliza ndi zikho za Grand Slam 18. Poyamba Evert ndiye ankapambana kawirikawiri, zomwe zinachititsa Navratilova kusintha kadyedwe ndi kuyamba kulimbitsa thupi mwamphamvu kuposa momwe akazi osewera tenisi ankachitira nthawi imeneyo. Atayamba kumugonjetsa Evert motsatizana, Evert nayenso anayamba kunyamula zitsulo kuti amupeze. Palibe bambo anawakalipira kuti achite zimenezi, aliyense ankangoona kuti mnzake wamupitirira. Atakula, onse awiri anadwala khansa ndipo ankalimbikitsana ngati pachibale.

Roger Federer ndi Nadal ndi chimodzimodzi. Anakumana ka 40, Nadal n'kupambana ka 24. Nadal ankasewera ndi dzanja lamanzere ndipo ankatumiza mipira yozungulira kwambiri, yodumpha mpaka paphewa, kumbali yamanzere ya Federer, ya backhand, yomwe ankamenya ndi dzanja limodzi. Kwa zaka zambiri Federer ankavutika nayo mipira imeneyi, mpaka anasintha raketi n'kutenga ya mutu wokulirapo, anaphunzira kuukumaniza mpira usanakwere, ndipo mu fainolo ya Australian Open ya 2017, ali ndi zaka 35, anamugonjetsa Nadal m'maseti asanu. Fainolo yawo ya Wimbledon mu 2008, yomwe inatha kukuda ndithu Nadal atapambana 9-7 m'seti yachisanu, inatenga maola 4 ndi mphindi 48. Pamene Federer ankatsanzika mu 2022 ku London, anasankha kusewera masewera ake omaliza ali mbali imodzi ndi Nadal, ndipo awiriwa anakhala pabenchi atagwirana manja akulira.

Kusiyana kwake ndi uku: mwana akamalimbana ndi mnzake amaganiza za mpira wotsatira, koma akamaopa kholo amaganiza za mpira womwe waphonya kale. Pabwalo ndimatha kuzindikira mwana wamantha ndisanaone kholo lake. Dzanja limauma, mpira wachiwiri woyambira amangoukankha kuti ulowe, ndipo mpira ukagwera pafupi ndi mzere amautcha kuti watuluka ngakhale walowa. M'mipikisano ya ana mulibe oyang'anira mizere, ana amadziweruza okha, ndipo ana ambiri amene ndawagwira akunama si ana oipa ayi, ndi ana oopa ulendo wobwerera kunyumba.

NaBanda, Tafara

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma mawu omaliza a Aphunzitsi andikhudza chifukwa mwana wotero ndinali ine. Ndinasewera kuyambira zaka 8 mpaka 15, ndipo m'dera lathu ndinali m'gulu la ochita bwino. Bambo anga sanandimenyepo ngakhale kamodzi, ndipo ndikufuna zimenezo zimveke chifukwa anali munthu wondikonda. Koma anali ndi kabuku kachikuto chofiira momwe ankalembamo ndalama iliyonse yomwe yapita pa tenisi yanga: nsapato, zingwe za raketi, ya kombi, yolowera mpikisano. Ndikagonja ankatulutsa kabukuko patebulo tikudya nsima, n'kuyamba kuwerenga mokweza mzere ndi mzere, azing'ono anga akumva. Sankawonjezera mawu ena. Nsima inkandikanika kumeza, ndipo ndinkaona ngati ndadya chakudya cha abale anga.

Ndili ndi zaka 15 ndinanama kuti bondo likundipweteka, ndipo bodzalo ndinaligwiritsitsa mpaka anasiya kundifunsa. Papita zaka zoposa 20 ndisanagwire raketi, koma fainolo ya Roland Garros ya 2025, pamene Carlos Alcaraz anapulumuka katatu ali pakamwa pa kugonja n'kumugonjetsa Jannik Sinner patatha maola 5 ndi mphindi 29, ndinaionera yonse ndili chiimire. Masewerawa ndimawakondabe. Chimene ndinathawa ndi kabuku kaja.

Achimwene a ku Mbare, mwati kholo lomwe lawononga ndalama lili ndi ufulu wokwiya. Ndikukupemphani modzichepetsa kuti muganizirenso mawu amenewa. Mwana sanasainire ngongoleyo, ndipo alibe njira yoibwezera koma kupambana, chinthu chomwe sichili m'manja mwake yekha chifukwa tsidya lina la ukonde kulinso mwana wa munthu wina amene akufuna chomwecho.

Achimwene a ku Mbare

Achemwali, nkhani yanu yandikhazika pansi, ndipo mawu a ufulu wokwiya aja ndawabweza. Komabe pa Richard Williams sindisuntha, chifukwa popanda iye dziko silikanawadziwa ana aja.

Mayi a Chikondi, Dzivarasekwa

Pa Richard ndikugwirizana nanu pang'ono, koma pa chifukwa china. Banjalo litasamukira ku Florida mu 1991, bambo ameneyu anawachotsa ana ake m'mipikisano ya ana, Venus ali ndi zaka 11, ngakhale ankapambana pafupifupi masewera onse, ndipo anaumirira kuti sukulu ikhale patsogolo. Anali ataona zomwe zinkachitikira ana ena. Jennifer Capriati analowa m'masewera a akuluakulu mu 1990 ali ndi zaka 13, anatenga mendulo ya golide ku Barcelona mu 1992 atagonjetsa Steffi Graf, koma pofika kumapeto kwa 1993 anali atatopa mumtima n'kusiya kusewera, ndipo chikho chake choyamba cha Grand Slam chinadzabwera mu 2001. Nkhani yake ndi imodzi mwa zomwe zinachititsa bungwe loyendetsa tenisi ya amayi la WTA kukhazikitsa malamulo oletsa mtsikana wosakwana zaka 14 kusewera mipikisano ya akuluakulu, ndi ochepetsa mipikisano yomwe angalowe asanakwanitse zaka 18.

Ngakhale zili choncho, mthunzi wa Richard unawavutitsa ana ake. Venus ndi Serena anakumana ka 31, Serena n'kupambana ka 19, koma kwa zaka zambiri anthu ankanong'onezana kuti bambo ndi amene amasankha wopambana, popanda umboni uliwonse. Ku Indian Wells mu 2001 Venus atalephera kusewera semifainolo ndi mng'ono wake chifukwa chovulala, khamu linamukuwiza Serena mu fainolo ali ndi zaka 19 zokha, ndipo sanapondeko pa mpikisano umenewo mpaka 2015. Kholo likatchuka kuposa malire, ngakhale kupambana kwa mwana anthu amakukayikira.

Aphunzitsi a tenisi, Highfield

Ndiwonjezere za Graf ndi Monica Seles, chifukwa pamenepo pali abambo awiri osiyana kwambiri. Peter Graf ankagwira chilichonse cha mwana wake, ndalama zomwe, ndipo mu 1997 khoti ku Germany linamupeza wolakwa pa mlandu wozemba msonkho pa ndalama za mwanayo. Steffi ankasewera mafainolo bambo ake ali m'ndende, atolankhani akumuthamangitsa. Karolj Seles anali wojambula zithunzi zoseketsa, ndipo pophunzitsa mwana wake pamalo oimikapo magalimoto ku Novi Sad ankajambula tizithunzi pa mipira kuti mwanayo aziona ngati akusewera chabe. Monica anatenga zikho za Grand Slam 8 asanakwanitse zaka 20. Kulimbana kwa awiriwa kunadulidwa pa 30 Epulo 1993 ku Hamburg, pamene munthu wina wokonda Graf mopitirira muyeso anamubaya Seles ndi mpeni kumsana ali pampando wopumira. Anakhala zaka zoposa ziwiri osasewera ndipo atabwerera anatenga chikho chachikulu chimodzi chokha, mu 1996. Ndatchula izi kuti tione kuti njira yofatsa nayonso inabala katswiri woopsa.

Makolo a Pete Sampras, amene anagonjetsa Agassi ka 20 pa maulendo 34, kawirikawiri sankapita n'komwe kukaonera masewera ake, moti pamene anatenga Wimbledon mu 2000 anachita kukwera m'mipando ya oonerera kuwafunafuna kuti awakumbatire. Sinner atatenga Australian Open mu 2024 anayamikira makolo ake pamaso pa dziko lonse chifukwa chomulola kusankha yekha masewera omwe ankafuna osamukakamiza.

Agogo a ku Mabvuku

Bambo a Tadala, mwakhala chete nthawi yaitali. Mwamufunsa mwiniwake?

Bambo a Tadala, Mufakose

Agogo, ndinali ndisanamufunse, ndipo m'zaka zitatu zonsezi sindinamufunsepo. Dzulo madzulo sitinapite kubwalo. Tinakhala pakhonde tikusenda mbatata, ndipo ndinamufunsa ngati akufunabe kusewera, n'kumuuza kuti akakana sindidzakhumudwa. Anakhala kaye chete, kenako anati akufuna, ndipo akufuna kwambiri kudzamugonjetsa mnzake uja chifukwa wazindikira kuti amavutika ndi mipira yaifupi yogwera pafupi ndi ukonde. Ine amene ndimaima pawaya masewera onse sindinazione zimenezo, chifukwa maso anga amangokhala pa zolakwa za mwana wanga. Atatero anawonjezera, akuyang'ana mbatata osati ine, kuti ndikapukusa mutu amamva ngati miyendo yake yalemera.

NaBanda, kabuku ngati ka bambo anu ndilibe, koma ndalama za zingwe ndi za kombi ndakhala ndikuzitchula pakamwa akagonja, ndipo ndamupepesa. Lero m'mawa ndawaimbira foni mayi ake a mtsikana uja, ndipo avomera kuti ana awiriwa azikonzekera limodzi Lachitatu lililonse akaweruka kusukulu. Aphunzitsi a ku Highfield, ndikulemberani kumbali kuti tikambirane ngati mungamutenge kawiri pamwezi, kuti zodzudzula zizichokera kwa inu. Loweruka likubwerali kuli mpikisano wina. Tagwirizana kuti ndimuperekeza mpaka pageti, ndimupatsa botolo lake la madzi ndi nthochi, kenako ndikakhala pansi pa mtengo wa jakaranda womwe uli kuseri kwa malo oimikapo magalimoto, pomwe bwalo silioneka, mpaka iye adzabwere yekha kudzandiuza momwe zayendera.